Kodi njinga yaphokoso ndiyo yothamanga?

Ananu, tsiku lina mukadzaima pafupi ndi siteji ya akabaza, chapatali ndi msewu, mudzatchere khutu. Njinga zamoto zomwe zimaima pamenepo n'zofanana ndithu: Boxer, Lifo, King Lion ndi zinzake, zonse za injini yaing'ono ya silinda imodzi. Koma kaliridwe kake n'kosiyana. Ina imangoti du-du-du chapansipansi, moti anthu awiri atha kucheza bwinobwino ataimirira pambali pake. Ina akangoipatsa moto ndiye pha-pha-pha-pha! Nkhuku kubalalika, khanda kudzidzimuka kumsana, amayi ogulitsa tomato kutseka makutu. Mukafunsa anzanu kuti yothamanga ndi iti, ambiri adzaloza yaphokosoyo. Nawo achimwene ambiri oyendetsa njinga amaganiza chimodzimodzi. N'chifukwa chake ena amachotsa ekizozi yomwe njinga inabwera nayo n'kugula ina kumsika, pomwe ena amangopita nayo kwa owotcherera kuti aiboole ndi kuchotsa zam'kati.

Kulira kwa injini yabwino kumandisangalatsa inenso, ndipo kukukonda si mlandu. Koma funso lathuli lili ndi yankho lake lenileni. Kuti tilipeze, tiyeni titsatire utsi kuyambira pomwe umabadwira mpaka pomwe umatulukira.

Phokoso limachokera kuti?

M'kati mwa injini muli mphako yosalala yotchedwa silinda, ndipo m'menemo mumayenda pisitoni, chitsulo chomwe ntchito yake n'kukwera ndi kutsika basi. Mukaona nambala 125 pambali pa njinga, ikunena kukula kwa malo omwe pisitoniyo imayendamo: mamililita 125. Botolo la madzi la theka la lita lingadzaze malo otere kanayi. Kamalo kochepa choncho ndi komwe kamanyamula woyendetsa, kasitomala ndi thumba la chimanga!

Pisitoni ikamatsika, imakokera m'silinda mpweya wosakanikirana ndi petulo. Ikamakwera, imaupanikiza mpweyawo mpaka kutsala kamalo kakang'ono pamwamba. Pamenepo pulagi imathetheka, petulo n'kuyaka nthawi yomweyo, ndipo mpweya wotenthawo umakankhira pisitoni pansi mwamphamvu. Mphamvu yozungulitsa tayala imachokera apa. Pomaliza pisitoni imakweranso kuti ikankhire utsi kunja, ntchito n'kuyambiranso. Amene anakonza injini ya masitepe anayi otereyi ndi Nikolaus Otto wa ku Germany mu 1876, ndipo mpaka lero njinga zambiri ndi magalimoto a petulo zimayendera nzeru yomweyo.

Pamwamba pa silinda pali tizitseko tiwiri totchedwa mavalavu, ina yolowetsera mpweya, ina yotulutsira utsi. Valavu yotulutsira ikamatseguka, utsi umakhala udakali wopanikizika zedi, komanso wotentha madigiri oposa 600. Sutuluka mwaulemu ayi. Umatuluka kamodzin'kamodzi, phu! Phokoso lonse la njinga ndi "phu" ameneyu, wobwerezedwa mofulumira kwambiri.

Tiyeni tiwerengetsere. Silinda imodzi imayaka kamodzi injini ikazungulira kawiri. Njinga ikangoima ikulira, injini imazungulira pafupifupi ka 1,500 pa mphindi. Ndiye kuti imayaka ka 750 pa mphindi, komwe ndi pafupifupi ka 12 pa sekondi. Khutu limatha kumva "phu" aliyense payekha, n'chifukwa chake timamva du-du-du. Akaipatsa moto mpaka injini izizungulira ka 6,000 pa mphindi, imayaka ka 50 pa sekondi, ndipo khutu silithanso kuwalekanitsa, limangomva mawu amodzi otalika. Njinga yampikisano ya masilinda anayi ikamazungulira ka 12,000 pa mphindi imayaka ka 400 pa sekondi, mawu ake n'kukhala aang'ono, okwera, ong'amba khutu.

Choncho mawu enieni a njinga amayambira mu injini. Njinga za Harley-Davidson za ku America zimadziwika ndi kulira kotsimphina. Zili ndi masilinda awiri, koma sayaka motalikirana mofanana. Paja kuzungulira kamodzi kwathunthu ndi madigiri 360. Silinda ina ikayaka, inzake imayaka injini itazungulira madigiri 315, kenaka pamadutsa madigiri 405 kuti yoyamba ija iyakenso. Phatikizani manambala awiriwa, mupeza 720, komwe ndi kuzungulira kawiri kuja. Kampaniyi inkakunyadira kulirako, mpaka mu 1994 inapempha boma la America kuti likulembetse ngati chizindikiro chake. Makampani ena anatsutsa ponena kuti injini zawo zopangidwa mofananamo zimaliranso choncho, ndipo mu 2000 a Harley-Davidson anaisiya nkhaniyo. Ndiye mukamva wina akuti agula ekizozi yoti Boxer yake izilira ngati Harley, dziwani kuti sizingatheke. Ekizozi itha kukweza mawu, kuwatsitsa kapena kuwakulitsa, koma kagundidwe kake n'ka injini.

M'mimba mwa sayilensa

Chitini chachitali chakumapeto kwa ekizozi ndiye sayilensa. Mukadzapita ku galaja ndi wamkulu, mudzapemphe amakaniko kuti akuonetseni yakale yomwe anaing'amba pakati. M'kati mwake mumakhala bii ndi mwaye, koma mukayang'anitsitsa mudzaona timakoma tachitsulo togawa chitinicho m'tizipinda tiwiri kapena titatu, ndi timapaipi tolumikiza tizipindato. Timapaipito sitiyang'anizana. Utsi ukalowa umapita m'kachipinda kena, n'kukhota, kubwerera m'mbuyo, kukhotanso, kenaka n'kupeza potulukira. M'kachipinda kalikonse umapeza malo otambasukira, mphamvu yake n'kuchepa. Nawo mafunde a mawu amawomba makoma n'kubwerera kudzawombana okhaokha mpaka kufooketsana. "Phu" wamkulu uja amatuluka atafewa. Umu ndi momwe sayilensa zambiri za kufakitale anazipangira.

Zambiri zogula padera anazipanga mwanjira ina. M'kati mwake mumadutsa paipi imodzi yowongoka, yobooledwa timabowo mazanamazana, yokutidwa ndi ulusi wagalasi woyera wofewa. Mukasuzumira kumapeto kwake mutha kuona kuwala mbali inayo. Utsi umadutsa mosavuta, ndipo mawu amalowa m'timabowo n'kumezedwa ndi ulusiwo. Koma ulusi umameza kwambiri mawu aang'ono okwera, n'kusiya aakulu otsika. N'chifukwa chake ekizozi zotere zimalira mobangula. Pakapita nthawi ulusiwo umapsa n'kumauluka pang'onopang'ono, ndipo mawu okoma aja amasanduka phokoso losokosa. Zikatero pamafunika kutsegula n'kuikamo ulusi wina. Inu musamaugwire ulusi umenewu ndi manja, umabaya khungu ndipo umayabwa.

Paipi imathandiza injini kupuma

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikufuna muyese kaye ndi manja anu. Pezani mapesi awiri a masamba a papaya, aja okhala ndi mphako m'kati. Pemphani wamkulu akudulireni lina lalitali, lina lalifupi, ndipo muwatsuke bwino chifukwa utomoni wa papaya umayabwa pamilomo. Lizani lililonse ngati lipenga, milomo ikunjenjemera. Lalitali lilira motsika, lalifupi mokwera. Chimachitika n'chakuti funde la mawu likafika kumapeto kwa phesi silituluka lonse, gawo lina limabwerera. M'phesi lalitali ulendo wopita ndi kubwerera umatenga nthawi yaitali, m'lalifupi nthawi yochepa.

Mu ekizozi mumachitika zomwezo. Valavu ikatseguka, funde lamphamvu limathamanga m'paipi. Mumpweya wamba mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, koma mu utsi wotentha amapitirira mamita 500. Fundelo likafika pomwe paipi yathera, kapena pomwe yakula mwadzidzidzi, limabwerera litasintha khalidwe: linapita likukankha, limabwera likukoka. M'paipi yotalika mita imodzi, ulendo wonsewo umatha m'gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 250 a sekondi.

Tsono pali kanthawi kochepetsetsa pomwe valavu yotulutsira isanatsekeke, yolowetsera imakhala itayamba kale kutseguka. Funde lokoka lija likafika pa nthawi imeneyi, limayamwa utsi wotsalira m'silinda, n'kuthandizanso kukokera m'kati mpweya watsopano. Silinda imadzaza bwino, ndipo kuyaka kotsatira kumakhala kwamphamvu. Likafika mochedwa kapena mofulumira, phindu lonse latha, ndipo nthawi zina funde lokankha ndilo limafika n'kubwezera utsi m'silinda. Vuto n'lakuti fundelo limayenda paliwiro lake lomwelo, pomwe injini imasinthasintha liwiro. Motero paipi iliyonse imagwirizana ndi injini pa liwiro lina lake basi. Yaitali ndi yaing'ono m'mimba imathandiza injini ikamazungulira pang'onopang'ono, monga ponyamuka ndi pokwera chitunda. Yaifupi ndi yaikulu m'mimba imathandiza injini ikamazungulira mothamanga kwambiri. Akatswiri a kufakitale amayeza zonsezi asanasankhe kutalika ndi kukula kwa paipi. Mu 1987 a Yamaha anafika poika kavalavu kotchedwa EXUP m'kati mwa ekizozi, kotseguka ndi kutsekeka malinga ndi liwiro la injini, pofuna kuti paipi imodzi izigwira bwino ponyamuka ndi pothamanga pomwe.

Munthu yemwe anaonetsa dziko lonse mphamvu ya mafunde amenewa ndi Walter Kaaden, injiniya wa kampani ya MZ m'tauni ya Zschopau, m'dziko lomwe pa nthawiyo linkatchedwa East Germany. Iye ankalimbana ndi injini za mtundu wina, za masitepe awiri, zomwe zimayaka nthawi iliyonse pisitoni ikakwera. Injini zimenezi zilibe mavalavu onga aja pamwamba. Zili ndi mabowo m'mbali mwa silinda, omwe pisitoni imatseka ndi kutsegula podutsa. Choipa chake n'chakuti mpweya watsopano ukamalowa, wina umathawira mu ekizozi usanayake n'komwe. M'zaka za m'ma 1950 Kaaden anakonza bwino ekizozi yokhala ndi chimimba pakati: imayamba yaing'ono, n'kumakula, kenaka n'kuchepanso. Mbali yomakulayo imabweza funde lokoka lomwe limayeretsa silinda. Mbali yomachepayo imabweza funde lokankha, lomwe limatenga mpweya wothawa uja n'kuubwezera m'silinda bowo litangotsala pang'ono kutsekeka. Tangoganizani, paipi yopanda chilichonse choyenda m'kati, koma ikupopera mpweya mu injini! Mphamvu ya injini amaiyeza poyerekeza ndi ya akavalo. Pofika mu 1961, kanjinga ka Kaaden ka 125 kankatulutsa mphamvu za akavalo 25, pomwe 125 ya kabaza ya lero imatulutsa pafupifupi 10. Chaka chomwecho wokwera wake, Ernst Degner, anathawa m'dzikomo n'kupita ndi nzeruzo ku kampani ya Suzuki ya ku Japan, ndipo mu 1962 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa njinga za injini ya mamililita 50.

Ekizozi yachimimbayi mwina munaionapo kwanu komweko. Yamaha DT 125, yomwe alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akuyendera m'midzi mwathu, ndi ya masitepe awiri. Yang'anani paipi yake chapafupi ndi injini, mudzaona kuti yatupa. Wina akadula chimimba chimenecho n'kuwotcherera paipi yowongoka, njingayo imalira kwambiri koma mphamvu imathawa.

Ku Japan kunalinso Hideo Yoshimura, yemwe anzake ankamutcha Pops. Anali makaniko wa ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1954 anayamba ntchito yokonza njinga zamoto kuti zizithamanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anatchuka ndi ekizozi yolumikiza mapaipi anayi a Honda CB750 kukhala imodzi, kuti utsi wotuluka m'silinda ina uzithandiza kukoka wa inzake. Anthu anakonda kulira kwake, koma iye chomwe ankasaka chinali mphamvu yopambanira mpikisano.

Akaboola sayilensa chimachitika n'chiyani?

Injini imafuna mpweya ndi petulo pamlingo wake: makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Pa njinga zambiri za kabaza chosakaniza ziwirizi ndi kabureta, ndipo petulo amadutsa pa kabowo kakang'ono kotchedwa jeti, komwe kukula kwake anakusankha mogwirizana ndi ekizozi ya kufakitale. Ekizozi ikasinthidwa, kayendedwe ka mpweya kamasintha, koma jeti ikadali yomwe ija. Kawirikawiri mpweya umachuluka, petulo n'kuchepa. Injini yotere imatentha mopitirira muyeso, ndipo ikayenda choncho nthawi yaitali valavu itha kupsa, ngakhale pisitoni kuwonongeka. Mwina munamvapo njinga ikuphulikaphulika woyendetsa akachepetsa moto, pha! pha! Ena amakondwa nako kuphulikako. Koma ameneyo ndi petulo yemwe sanayake m'silinda akuyakira m'paipi, ndipo petulo woyakira m'paipi sakankha tayala.

Amakaniko odziwa ntchito amamasula pulagi n'kuiyang'ana kunsonga. Ikakhala yofiirira pang'ono ndi youma, mlingo uli bwino. Ikakhala yoyera mbee, petulo akuchepa ndipo injini ikupsa mtima. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka ndipo ndalama zikuuluka ndi utsi. Akaona choncho amasintha jeti. Njinga zatsopano zopanda kabureta zili ndi kakompyuta koyeza mafuta, ndipo nako kamafunika katswiri woti akakonze.

Nanga mphamvu yowonjezeka ndi yochuluka bwanji? Akatswiri ali ndi makina otchedwa dyno. Amaimika tayala lakumbuyo pa chitsulo chozungulira, n'kuipatsa moto njingayo ili pamalo amodzi, kompyuta n'kumalemba mphamvu yake. Pa njinga zikuluzikulu, ekizozi yabwino yosinthidwa yonse, pamodzi ndi kukonza mlingo wa mafuta, imawonjezeradi mphamvu pang'ono ndi kuchepetsa kulemera ndi makilogalamu angapo. Pa kanjinga ka akavalo 10, kusintha chitini chokha nthawi zambiri sikuwonjezera ngakhale kavalo mmodzi. Kuboola mwachisawawa ndiye kumachepetsa mphamvu yonyamukira, yomwe ndiyo wakabaza amadyera. Komabe woyendetsa amalumbira kuti njinga yake tsopano ikuuluka. Sakunama dala ayi, khutu ndilo lamunyenga, chifukwa tonsefe tinazolowera kuti chinthu cholira kwambiri ndiye kuti chikuthamanga. Wofuna kudziwa zoona ayeze ndi wotchi: chitunda chomwecho, katundu yemweyo, asanasinthe ndi atasintha. Ayezenso kuti lita imodzi ya petulo ikumufikitsa pati.

Ngati amalume akufunabe ina

Ekizozi imatha, imabooka ndi dzimbiri, ndipo nthawi zina amalume anu, ngati ali ndi njinga, amangofuna ina yooneka bwino. Mutha kuwathandiza maganizo, mwaulemu. Choyamba aganizire ntchito ya njingayo. Yonyamula anthu ndi katundu, yoimaima paliponse ndi kukwera zitunda monga za mu Blantyre, imafuna mphamvu injini ikamazungulira pang'onopang'ono. Yoiyenera ndi ekizozi yofanana ndi ya kufakitale m'kutalika ndi m'kukula kwa paipi.

Ogulitsa amakhala ndi mitundu iwiri. Pali chitini chakumapeto chokha, chomwe amachitcha slip-on. N'chotsikirapo mtengo, ndipo chimasintha kwambiri mawu ndi maonekedwe. Palinso yonse yathunthu kuyambira pa injini, yomwe imasintha kapumidwe ka injini, choncho kukonza jeti kapena kompyuta sikuthawika. Iliyonse mwa izi ikhale yopangidwira njinga ya mtundu womwewo. Mabawuti alowe popanda kukakamiza, paipi isakhudze tayala kapena mabuleki, ndipo polumikizira ndi injini aikepo gasiketi yatsopano. Pakatha masiku angapo ayang'ane polumikizirapo. Akaona mzere wa mwaye wakuda, kapena akamva tsi-tsi-tsi injini ikulira, ndiye kuti pakutuluka utsi.

Chitsulo chake nachonso n'chofunika. Chitsulo wamba n'chotsika mtengo koma chimachita dzimbiri msanga ndi matope a nyengo ya mvula. Chosachita dzimbiri chimakhalitsa. Ndiye pali titanium, yomwe kulemera kwake kumangopitirira pang'ono theka la chitsulo chofanana nayo kukula, ndipo ikatentha imasintha mtundu n'kuoneka yabuluu ndi yapepo, kukongola kwake! Kampani yotchuka ndi ekizozi zotere ndi Akrapovič ya ku Slovenia, yomwe anaiyambitsa ndi Igor Akrapovič, yemwe poyamba anali wothamangitsa njinga pamipikisano. Ekizozi yawo yathunthu ya njinga yaikulu itha kudula kuposa njinga yonse ya kabaza. Ndiye amalume akapeza kumsika kachitini kotsika mtengo kolembedwa dzina lotere, adziwe kuti mwina akugula chomata chabe.

Ekizozi zambiri zogula padera zimabwera ndi kapaipi kochepetsa phokoso kolowetsedwa kumapeto, komangidwa ndi bawuti imodzi. Amakatcha dB killer. Anthu amathamangira kukachotsa tsiku loyamba lomwelo. Ine ndikuti kakhale momwemo, ndipo chifukwa chake chili m'makutu mwanu.

Makutu sakhala ndi sipeyala

Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo. Anthu akamacheza bwinobwino amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Muyesowu uli ndi kachinsinsi kake: mukawonjezera madesibelo 3 okha, mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri. Akatswiri a zaumoyo wa anthu pantchito amati phokoso la madesibelo 85 munthu asakhalemo kupitirira maola 8 pa tsiku. Pa 88 akhale maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi, ndipo pofika pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Njinga yochotsedwa zam'kati mwa sayilensa itha kufika pa 100 kwa munthu yemwe ali nayo pafupi. Tsono ganizirani achimwene omwe amakhala pa njinga yotere kuyambira m'mamawa mpaka usiku, tsiku ndi tsiku.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindana komwe muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000. Mawu akalowa, tiubweyato timagwedezeka n'kutumiza uthenga ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso. Makutu akamalira tswii njinga itadutsa kale, kapena mawu a anthu akamamveka ngati akuchokera kutali, ndiye kuti timaselo tija tavutika. Kugontha kotere kumabwera mozemba, munthu osamva kupweteka kulikonse.

Ena amati phokoso limachenjeza oyendetsa magalimoto. Koma ekizozi imaloza kumbuyo, pomwe ngozi zambiri za njinga zimachokera kutsogolo, ndipo dalaivala wotseka mawindo amamva njingayo itamufika kale. Nyali yoyaka, zovala zowala, hutala ndi chipewa chodzitetezera kumutu n'zomwe zimathandiza kwambiri. Omwe amalimva bwino phokosolo ndi odwala, makanda ndi ana a sukulu omwe ali m'kalasi pafupi ndi msewu. M'mayiko ambiri malamulo a pamsewu amaletsa kuyenda ndi sayilensa yosagwira ntchito. Kudera la Tyrol ku Austria anthu a m'midzi ya m'mapiri anadandaula mpaka mu 2020 boma la kumeneko linatseka misewu ina m'nyengo yotentha kwa njinga zomwe mapepala ake amasonyeza phokoso loposa madesibelo 95.

Muli chinanso mu ekizozi za njinga zambiri zatsopano: chosefera utsi chokhala ndi timabowo tambirimbiri, chopakidwa zitsulo zodula monga platinum, palladium ndi rhodium. Platinum wambiri wa pa dziko lapansi amakumbidwa ku South Africa, ndipo wina ku Zimbabwe. Utsi wotentha ukamadutsa m'timabowomo, mipweya ina yapoizoni imasanduka yosaopsa kwambiri. Wochotsa ekizozi yonse amachotsanso chosefera chimenechi. Umodzi mwa mipweyayo ndi carbon monoxide, womwe suoneka, sununkha, koma umapha. Ndi womwe uja umachokanso m'mbaula ya makala ikayaka m'chipinda chotseka. Njinga ikagona m'nyumba usiku kuopa akuba, m'mawa aitulutse kaye panja asanailize, kaya ili ndi chosefera kaya ilibe.

Chomaliza n'chokhudza miyendo yanu. Pa njinga zambiri ekizozi imakhala mbali yakumanja, ndipo ana ambiri ali ndi chipsera pakatumba ka mwendo wamanja chifukwa cha iyo. Ekizozi ya kufakitale imakhala ndi chitsulo chotchinga pamwamba kuti mwendo usakhudze potentha, koma zambiri zogula padera zilibe, ndipo amalume asalole kunyamula munthu popanda chotchingacho. Inu muzikwera ndi kutsikira mbali yakumanzere, mapazi onse awiri akhale pa zopondera, ndipo muzikumbukira kuti ekizozi imakhalabe yotentha kwa nthawi ndithu injini itazimitsidwa. Njinga ikaima pakhomo, yang'anirani mng'ono wanu wokwawa asaiyandikire.

Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pamalopo mosalekeza kwa mphindi 20, ndipo itanani wamkulu nthawi yomweyo. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, phulusa kapena dothi. Matuza akatuluka musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera bwino osamanga kwambiri, ndipo ngati khungu lasupuka kapena bala ndi lalikulu, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.